Mtsikana amene ankandilerera khanda anali mwana nayenso

Tchuthi changa cha uchembere chitatsala milungu iwiri kuti chithe, ndinalibe womusiyira khanda. Aliyense amene ndinkakumana naye ndinkamuuza kuti andifunire kamtsikana. Mawu anga anali amenewo, ndipo ndinkadziwa chimene ndinkatanthauza: wamng'ono, womvera, wosawerengera malipiro. Munthu wamkulu ndinkamuopa chifukwa anzanga ankati akuluakulu amavuta, amafuna tchuthi komanso amayankha.

Amene anabwera naye ndi apongozi a mchemwali wanga. Anati ali ndi zaka 15. Nditamuyang'ana ndinakayikira, koma sindinafunsenso, poti yankho limenelo ndi lomwe ndinkafuna kumva. Dzina lake sindilitchula. Anafika ndi kachikwama kamodzi, atavala nsapato zomukulira. Tinagwirizana kuti malipiro ake ndizitumiza kwa mayi ake, ndipo ndinalonjeza kuti khanda likakulako ndidzamulowetsa sukulu. Ponena zimenezo sindinkanama, komabe panadutsa miyezi 14 osapitako naye ngakhale kukafunsa malo.

Ankadzuka 5 koloko isanakwane kuti atenthetse madzi ndi kusesa. Ife tikapita kuntchito ankatsala yekha ndi khanda, kuchapa, kusita, kukolopa, kuphika, mwana ali kumsana. Madzulo tikamaonera TV iye amakhala akutsuka mbale, ndipo ankagona 9 koloko itadutsa, pamphasa, m'kachipinda kosungiramo katundu. Loweruka ndi Lamlungu ntchito inkachuluka chifukwa cha alendo. Panja pa geti ndinkamuletsa, ndimvekere ndikumuteteza. Tsiku lina anadzikhuthulira madzi owira padzanja lamanzere. Ndinamupaka mankhwala, n'kumuuza kuti azisamala. Mmawa wake anatenthetsanso madzi.

Sindinamumenyepo ndipo sindinamumanepo chakudya. Chifukwa cha zimenezi ndinkadziona ngati ndikumuthandiza. Abale akabwera ankandiyamikira kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe, ine n'kumavomera.

Ndimagwira ntchito ya ukalaliki pa kampani ina yogula mbewu kwa alimi n'kumakagulitsa kunja. Mu 2022 ogula athu akunja anayamba kufuna umboni wakuti m'minda momwe timagulamo mulibe ana ogwiritsidwa ntchito zoposa msinkhu wawo. Kampani inakonza maphunziro a masiku awiri a alangizi oyendera alimi, ndipo ine ananditenga kuti ndizilemba zokambirana. Ndinakhala kumbuyo ndi kope langa, ndikuganiza kuti nkhani yake ndi ya kumunda, kunyumba kwanga siifikako.

Mayi amene ankaphunzitsa anayamba ndi mapangano awiri a ILO, bungwe loona za ntchito pa dziko lonse. Loyamba ndi pangano nambala 138 la chaka cha 1973, limene limanena kuti munthu asalembedwe ntchito asanafike zaka 15, ngakhale kuti mayiko osauka analoledwa kuyambira pa 14. Ntchito zopepuka, zosasokoneza sukulu kapena thanzi, zimaloledwa kuyambira zaka 13, kapena 12 m'mayiko amene anasankha 14. Ntchito zoopsa ndi za munthu wa zaka 18 kupita m'tsogolo. Lachiwiri ndi pangano nambala 182 la 1999, loletsa ntchito zoipitsitsa monga ukapolo, kugulitsa ana, kuwalowetsa usilikali mokakamiza, uhule ndi ntchito iliyonse yowononga thanzi kapena khalidwe la mwana. Anatiuza kuti pangano limeneli ndi loyamba m'mbiri ya ILO kuvomerezedwa ndi mayiko onse 187 a m'bungwelo, ndipo lomaliza kulivomereza linali Tonga mu Ogasiti 2020.

Mlangizi wina wachikulire anaimika dzanja, nkhope itakwinyika. "Mayi, ndiye mukuti ana asamagwire ntchito iliyonse? Tizilera alesi?"

Mayi aja anati ayi. Mwana kutsuka mbale pakhomo pa makolo ake, kapena kuthandiza kumunda akaweruka kusukulu, palibe pangano limene limaletsa. Anati munthu azifunsa zaka za mwanayo, maola amene akugwira, ngati akupita kusukulu, ndiponso ngati ntchitoyo ingamuvulaze. Kenako anatchula nambala imene ndinailemba n'kuiyang'anitsitsa. Powerengera ana ogwiritsidwa ntchito pa dziko lonse, mwana wa zaka 12 mpaka 14 akamagwira maola 14 kapena kuposa pa mlungu, amalowa kale m'chiwerengerocho. Pa mlungu. M'mphepete mwa kope ndinawerengera tsiku la mtsikana wa kunyumba kwanga, kuyambira 5 koloko mmawa mpaka 9 koloko usiku. Zinakwana maola 16. Malire a mlungu wathunthu iye ankawadutsa tsiku limodzi.

Anapitiriza kuwerenga malangizo nambala 190, amene amatsagana ndi pangano 182 pofotokoza ntchito zoopsa. Muli kunyamula katundu wolemera, kugwira ntchito m'migodi, pamalo okwera, ndi mankhwala oopsa. Chakumapeto kwake muli kugwira ntchito maola ambiri, kugwira usiku, ndi kutsekeredwa pamalo a bwana popanda chifukwa chomveka. Ndinakumbukira geti lija ndi dzanja lija. Zimene zinakambidwa masana a tsiku limenelo ndinachita kukopera kwa mnzanga, chifukwa ine cholembera ndinali nditachiyika pansi.

Nditafika kunyumba ndinauza amuna anga kuti mawa lomwe mwanayu abwerere kwawo. Iwo anadabwa. "Mayi ake a mwana, mesa ife tomwe tinakula tikugwira ntchito? Kwawo amagona ndi njala, kuno akudya. Zimenezi n'zachizungu." Sindinawayankhe usiku umenewo. Patapita masiku ndinawasonyeza kuti mayiko a mu Africa ali ndi pangano lawolawo la ufulu ndi chisamaliro cha mwana, la chaka cha 1990. Ndime 31 ya panganoli imanena za udindo wa mwana kwa banja lake, kuphatikizapo kulemekeza makolo ndi kuwathandiza akasowa, pomwe ndime 15 imaletsa kudyera mwana masuku pamutu pomugwiritsa ntchito. Zonse ziwiri zili m'chikalata chimodzi, ndipo sizitsutsana. Ndinawakumbutsanso kuti ife tinkagwira ntchito pakhomo pa makolo athu, mmawa n'kupita kusukulu. Uyu ankagwira ntchito pakhomo pa eni ake kuti mwana wa eni akewo adzapite kusukulu. Apa anakhala chete nthawi yaitali.

Koma pa chinthu chimodzi iwo ndi amene ankalondola, ndipo ndicho chandichititsa kulemba nkhaniyi. Kumubweza mawa lomwelo kukanakhala kulakwa kwachiwiri.

Tsiku lachiwiri la maphunziro, nthawi yopuma, ndinatengera mayi ophunzitsa aja pambali n'kuwauza zonse. Sanandidzudzule, komanso sanandinyengerere. Anandifunsa kuti ndikamubweza akafikira kuti, ndipo ndinalibe yankho. Anandifotokozera zimene zinachitika ku Bangladesh. Mu 1992 phungu wa nyumba ya malamulo ya ku America, Tom Harkin, anabweretsa bilu yofuna kuletsa katundu wopangidwa ndi ana kulowa m'dziko lawo. Biluyo isanakhale n'komwe lamulo, eni mafakitale osoka zovala ku Bangladesh anachita mantha n'kuchotsa ana pafupifupi 50,000. Otsatira anawo pambuyo pake anapeza kuti ambiri sanapite kusukulu. Ena anakaphwanya miyala, ena anakagulitsa malonda m'misewu, ena analowa uhule. Mu 1995 ndi pamene ILO, UNICEF ndi bungwe la eni mafakitalewo anagwirizana kuti mwana akachoka m'fakitale azilowa sukulu, n'kumalandira kandalama kolowa m'malo mwa zina zimene banja lake lataya. Mayi aja anati ndikangomuthamangitsa, manja anga ayera koma mwanayo akapezeka pakhomo lina, mwina loipa kuposa langa. Anandilangiza kuti ndisanachite chilichonse ndimufunse mwiniwakeyo. Pangano la United Nations la ufulu wa ana, la pa 20 Novembala 1989, limanena pa ndime 12 kuti mwana ali ndi ufulu wonena maganizo ake pa nkhani zomukhudza, ndipo akuluakulu aziwaganizira molingana ndi msinkhu wake.

M'miyezi yonse ija ndinali ndisanamufunsepo chimene akufuna. Ndinamuitana pabalaza kuti akhale pampando. Anakhala pansi. Nditamufunsa ngati akufuna kubwerera kusukulu, anazolika n'kunena kuti, "Kaya, amayi, zimene mungaone." Ndinafunsanso, yankho lomwelo. Ndinazindikira kuti akuganiza kuti walakwa ndipo ndikufuna kumuchotsa. Ngati muli ndi mwana wotere pakhomo, musayembekezere kuti ayankha tsiku loyamba. Ife zinatitengera pafupifupi mlungu, ndipo anayankhula tikuyanika zovala limodzi, osayang'anana. Anati sukulu amaifuna, anasiyira kalasi yachinayi. Kenako anafunsa funso limene linkamusowetsa tulo: "Nanga amayi kunyumba ndalama ija azilandirabe?" Anandiuzanso zaka zake zenizeni. Anabwera kwathu ali ndi 12, ndipo anachita kuuzidwa kuti akanene 15.

Tinapita kukaonana ndi mayi ake, ine ndi amuna anga. Ndi mayi wamasiye, wa ana anayi, wodwaladwala. Atationa tili ndi mwana wawo anaimirira mwamantha. "Walakwa chiyani, amayi? Ngati waba ndiuzeni, ndimulange." Zinatenga nthawi kuti amvetse kuti wolakwa ndi ine. Anatulutsa khadi la katemera la mwanayo, lothimbirira, ndipo chaka chobadwa chinagwirizana ndi chimene iye ananena. Satifiketi ya kubadwa analibe. Pangano la 1989 lija limati mwana alembetsedwe akangobadwa, ndipo tsiku limenelo ndinaona chifukwa chake. Mwana wopanda chikalata aliyense angathe kumuonjezera zaka zitatu, wolemba ntchito n'kukhala ndi pobisalira, monga ndinabisalira ine.

Mayi amenewa sindiwaweruza. Ndalama imene ndinkawatumizira ndi imene inkasunga ana atatu otsalawo. Anthu amakonda kunena kuti makolo otumiza ana kuntchito ndi osazindikira, koma mayi awa ankadziwa bwino lomwe ubwino wa sukulu, ndipo analira pokumbukira kuti mwana wawo ankakhoza masamu. Chimene chinawakanika ndi kudyetsa anthu asanu popanda wowathandiza.

Njira yoyamba imene tinayesa inalephera. Tinagwirizana kuti azikhalabe kwathu ngati mwana wapakhomo, azipita kusukulu, ndipo ife tilembe ntchito munthu wamkulu. Zonsezi tinachitadi. Koma pakamwa panga panali patazolowera dzina lake. Khanda likalira usiku ndinkaitana iye. Mayi wantchito akaweruka 5 koloko, zotsala zonse zinkagwera iye, ndipo naye ankadzuka yekha mbandakucha osauzidwa. Patatha miyezi iwiri aphunzitsi ake anandiitanitsa kuti mwanayu amagona m'kalasi. Ndinaona kuti pakhomo pamene mwana walowapo ngati wantchito, n'kovuta kuti asanduke mwana wapakhomo, ngakhale onse atafunitsitsa. Mwina ena angathe. Ife sitinathe.

Ndiye tinasintha. Anakakhala kwa mayi ake aang'ono, amene nyumba yawo ili pafupi ndi sukulu. Ndalama ija ndinapitiriza kuwatumizira mayi ake mwezi uliwonse, osachotserapo, ndipo yunifomu ndi makope ndimagula padera. Pangano lathu linali lakuti mwanayo asajombe, ndipo kumapeto kwa teremu iliyonse ndimaona lipoti lake. Pambuyo pake ndinawerenga kuti maboma ena anachita zofanana ndi zimenezi kwa mabanja mamiliyoni ambiri. Brazil inayamba mu 1996 ndondomeko yotchedwa PETI, yopereka ndalama kwa mabanja kuti ana achoke kuntchito zoopsa apite kusukulu, ndipo Mexico inayamba Progresa mu 1997. Maganizo ake ndi amodzi: banja likapeza pena ndalama imene mwana ankabweretsa, mwanayo amamasuka.

Sindikubisirani, zimenezi zinatipweteka m'thumba. Munthu wamkulu amalipidwa zambiri, amaweruka pa nthawi yake, amapuma Lamlungu, ndipo ndi momwe ziyenera kukhalira. Tinasiya zina zimene tinazolowera, ndipo mbale za usiku timatsuka tokha. Kusiyana kwa malipiro a mayi wantchitoyu ndi zimene ndinkatumiza kwa mayi a mtsikana uja ndiko kunandionetsa kuchuluka kwa zimene ndinkamubera mwezi ndi mwezi.

Kusukulu nako sizinayende zokha. Anabwerera m'kalasi yachinayi ali ndi zaka 13, pakati pa ana a zaka 9 ndi 10. Ankamuseka kuti ndi mayi a kalasi. Teremu yachiwiri anajomba milungu iwiri, akubisala kwa mnzake, ndipo anauza mayi ake aang'ono kuti bola angobwerera kuntchito chifukwa kumeneko sankasekedwa. Chimene chinathandiza ndi mphunzitsi wina wamkazi amene anamupatsa udindo wosunga mabuku a kalasi, n'kumamuphunzitsa padera masana. Mukamubweza mwana kusukulu, pitani nokha mukaonane ndi mphunzitsi wake, mumuuze zoona za kumene mwanayo wachokera, ndipo mubwererekonso mwezi usanathe.

Chichitikireni zimenezi ndakhala ndikutsatira nkhani za ana ogwira ntchito. Mu 2000 analipo pafupifupi 246 miliyoni pa dziko lonse. Chiwerengerocho chinatsika kufika 152 miliyoni mu 2016, n'kukweranso kufika 160 miliyoni mu 2020. Lipoti la ILO ndi UNICEF la mu Juni 2025 linati tsopano ndi pafupifupi 138 miliyoni, ndipo 54 miliyoni mwa iwo ali pantchito zoopsa. Mayiko analonjezana mu 2015 kuti pofika 2025 mchitidwewu udzakhala utatheratu. Lonjezo limenelo silinakwaniritsidwe, ndipo zimandipweteka kuona misonkhano ikuluikulu ikutha ndi zikalata zokongola, monga wa ku Durban mu Meyi 2022, pamene mabajeti a sukulu ndi a oyendera malo antchito sakusintha kwenikweni. Komabe sindingagwirizane ndi amene amati mapanganowa ndi mapepala chabe. Ana oposa 100 miliyoni achepa pa chiwerengero chija, pamene anthu pa dziko akuchulukirachulukira. Ndiponso mapanganowa sanangogwa kuchokera kumwamba. Iqbal Masih wa ku Pakistan, amene ankaluka makapeti chifukwa cha ngongole ya banja lake, anathawa n'kuyamba kuyankhulira ana anzake, ndipo anaphedwa mu 1995 ali ndi zaka 12, msinkhu womwewo umene mtsikana uja anafikira pakhomo panga. Mu 1998 Kailash Satyarthi wa ku India anatsogolera ulendo wa anthu ochokera m'mayiko oposa 100, kuphatikizapo ana amene anagwirapo ntchito, mpaka kukafika ku msonkhano wa ILO ku Geneva. Chaka chotsatira pangano 182 linakhazikitsidwa. Nambala ija ya maola 14 imene inandiimitsa cholembera inadutsa m'njira yaitali chonchi kuti idzandipeze m'chipinda cha maphunziro a kampani.

Pamene mapanganowa amafooka kwambiri ndi pakhomo. Ogula akunja angathe kutumiza anthu kukayendera munda kapena fakitale, koma palibe amene amagogoda pageti kuti aone amene akuchapa kuseri kwa nyumba. ILO inawerengerapo kuti ana pafupifupi 17.2 miliyoni amagwira ntchito zapakhomo m'nyumba za anthu ena, ndipo awiri mwa atatu aliwonse ndi atsikana. Pangano nambala 189 la 2011, lokhudza antchito apakhomo, limati ngakhale wantchito amene wafika msinkhu wololedwa koma sanakwane zaka 18, ntchito isamulepheretse maphunziro. Mayiko amene alivomereza ndi ochepa poyerekeza ndi pangano 182. Choncho woyendera pakhomo panu ndinu nokha, kapena mnansi amene amamuona mwanayo akusesa mdima usanachoke.

Ngati ndinu mnansi woteroyo, musayambe ndi kuopseza, chifukwa bwana wochita mantha amangomusamutsa mwanayo usiku, n'kusowa. Yankhulani naye mwaulemu, mufunse za sukulu, ndipo ngati pali kumenyedwa, kugwiriridwa kapena kutsekeredwa, musazengereze: kanenani ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu, ku ofesi ya zantchito kapena kupolisi. Mayiko ambiri alinso ndi nambala ya foni yaulere yothandizira ana.

Anzanga kuntchito amandifunsabe kuti ndiwapezere kamtsikana. Ndimawauza nkhani yonseyi, kuyambira pa nsapato zomukulira zija. Ena amamva, ena amati ine ndili ndi mwayi woti ndingakwanitse kulipira munthu wamkulu. Kwa amenewa ndimati ayese kugawana wantchito mmodzi wamkulu ndi banja loyandikana nalo, kapena kulemba wobwera masiku ochepa pa mlungu.

Mtsikana uja tsopano ali ndi zaka 16, ali m'kalasi yachisanu ndi chiwiri, ndipo masamu akukhozabe. Chipsera chili padzanja lamanzere sichinachoke. Ndinamupepesa, iye anangoti, "Zinatha, amayi," koma ine ndikachiona ndimakumbukira kuti mmawa wake ndinamusiya atenthetsenso madzi. Mlungu wathawu anandiimbira pa foni ya mayi ake aang'ono. Mng'ono wake wakwanitsa zaka 11, ndipo kwabwera mayi wina kudzafunsa ngati angamutenge kuti azikamulerera mwana. Mayi ake sanavomere, komanso sanakane. Loweruka likubwerali ine ndi amuna anga tikupita kukakhala nawo pansi, ndipo tapempha mphunzitsi wamkazi uja kuti tipitire limodzi.